Ngalande Ziwiri za Mfuko

Padangokhala, kalelo nyama zikadali ndi mafumu, nduna ndi asilikali awo, panali Mfuko. Mfukoyu anabadwira m'dziko la Mfumu Nungu, koma anakwatira m'dziko la Mfumu Nguluwe, ndipo ankakhala kumeneko pachikamwini ndi mkazi wake Nachisale. Kwawo anasiyako mlongo wake Nangondo ndi mwana wa mlongo wakeyo, Dzoole, bambo wa ana awiri, amene sankachita kanthu asanafunse malume ake.

Pakati pa maiko awiriwo panali munda waukulu wa chinangwa. Theka linali la anguluwe, theka la anungu, ndipo malire ake aliyense ankawadziwa. Mfuko kukumba ankadziwa kuposa wina aliyense, koma kulima ankadana nako. Iye ankangolowa pansi n'kumadya chinangwa cha eni ake kuchokera kunsi, mitengo n'kuisiya ili chiimire, masamba ali biriwiri. Anadya mbali ya anguluwe, anadya mbali ya anungu, ananenepa mpaka khosi linasowa.

Nthawi yozula itakwana, anguluwe anazula mtengo woyamba, wopanda kanthu. Wachiwiri chimodzimodzi. Mfumu Nguluwe anaitanitsa bwalo m'munda momwemo.

Njiri, mkulu wa asilikali, anali wofatsa ndiponso wosafulumira kulankhula. Anagwada, nanunkhiza dothi, ndiye anati, "Mfumu, wakubayu sanadzere pamtunda. Pali una apa. Tikumbe tione kumene ukupita."

Mfuko anali pomwepo. Unawo ukanawafikitsa kuseri kwa nyumba ya apongozi ake. M'thumba mwake munali munga wa nungu umene ankatokosera m'mano. Anaugwetsa pansi, naupondereza pang'ono m'dothi.

"Pepani akuluakulu," anatero, "ine maso anga ndi aang'ono. Kodi ichi n'chiyani?"

Onse anauona mungawo. Za una uja palibe anazikumbukiranso.

Nguluwe anatumiza mthenga kwa Nungu kuti abweze chinangwa. Mthengayo anapeza anungu nawonso atazula mitengo yopanda kanthu, ali okwiya kale. Analankhula mwachipongwe, ndipo anabwerako akutsimphina, munga uli kuthako. M'mawa mwake anyamata a mbali zonse anakumana pamalire. Pofika masana, anguluwe atatu ndi anungu awiri anali atafa.

Mfuko ankayesa kuti atukwanizana masiku awiri n'kuiwala. Koma ng'oma inalira, mwamuna aliyense wa m'dziko la Nguluwe anaitanidwa, wamkulu ndi wamng'ono yemwe.

"Aang'onoang'ono atsogole," anatero Nguluwe, "minga ya adani ithere pa iwo. Ife tibwere pambuyo."

Mfuko anayang'ana uku ndi uku. Wamng'ono kuposa iye panalibe. Anaomba m'manja.

"Mfumu, ndilankhule?"

"Lankhula msanga."

"Munga umalasa chimene woponyayo akuchiona. Tikumbe ngalande yaitali kutsata malire, asilikali alowemo. Minga izingodutsa pamwamba. Anungu akatha minga yawo, inu mudzatuluka n'kungokawatola."

Anakumba masiku anayi. Anungu anabwera, naponya minga tsiku lonse, osalasa ndi mmodzi yemwe. Nguluwe anakondwa kwambiri. Anamuika Mfuko kukhala nduna ya zokumba, nam'patsa malo kumbuyo kwa ngalande, pafupi ndi chakudya.

"Mkuja tikawaphwanye," anatero Nguluwe. "Midzi yawo tiipondeponde. Koma Nungu mwiniyo mumugwire wamoyo, adzatiuze pabwalo mmene anabera."

Mawu amenewa anamuopsa Mfuko. Mudzi woyamba kupondedwa ukanakhala wa mlongo wake. Komanso Nungu akadzaima pabwalo n'kukana, wina adzakumbukira una uja. Choncho ananena kuti akukayendera ngalande, nalowa pansi, nakumba kanjira kakekake kodutsa kunsi kwa munda, natulukira pakhomo pa Nangondo. Dzoole anam'perekeza kwa mfumu.

"Ine ndine mwana wa kuno," anatero Mfuko kwa Nungu. "Kuja ndinangopitira banja. Mkuja akubwera onse. Koma nguluwe ikamathamanga siitha kudumpha. Kumbani ngalande yotakata, inu mukhale m'menemo."

"Ndiye ukhala nafe?"

"Iyayi mfumu. Ndizibwerera komweko, ndizikumverani zimene akupangana."

Nungu naye anamuika kukhala nduna ya zokumba. Anguluwe atabwera mkuja muja anapeza ngalande patsogolo pawo, minga ikuchokera m'menemo. Anabwerera atasiya anzawo khumi.

Kuyambira pamenepo ngalande zinali ziwiri, zoyang'anizana, kutalikirana kwake kongoti munthu akakuwa uku, uko amva. Wotulutsa mutu ankalasidwa kapena kugendedwa. Mwezi unatha, wina unatha. Asilikali ankadyera momwemo, kugona momwemo, kudzithandiza momwemo. Nsabwe ndi utitiri zinawapeza. Mfuko yekha ndiye ankadya kawiri, uku ngati nduna, ukonso ngati nduna.

M'masiku amenewo msilikali wina wa Nguluwe anapeka nyimbo. Woyambitsa ankauza mkazi wake kuti asadye mbewu, aisunge padenga, pakuti iye abwera mvula isanagwe. Ovomera ankayankha kuti mvula yayandikira, yayandikira. Tsiku lina ataiyambitsa, kuvomera kunachokera kutsidya, m'ngalande ya anungu. Mafumu onse awiri anailetsa, koma siinaleke.

Mwezi wachitatu Nguluwe anaitana nduna yake.

"Unati minga idzatha."

"Imamera ina, mfumu."

"Ndiye peza nzeru ina. Ukapanda kuipeza, utsogola ndiwe."

Mfuko anaganiza pang'ono. "Tisende makungwa a mitengo ikuluikulu. Aliyense anyamule lake kutsogolo ngati chishango. Munga sungaboole."

Asilikali ali kalikiliki kusenda makungwa, Mfuko analowa m'kanjira kake, nakauza Nungu kuti akumbe maenje kutsogolo kwa ngalande, aikemo zisonga, avindikire ndi udzu. Mumtima ankati oyamba awiri atatu akagweramo, ena onse abwerera, zinthu zikhala monga zinalili. Sanadziwe kuti Nguluwe adzaima kumbuyo ndi alonda ake, atalamula kuti wobwerera aphedwe pomwepo.

Anatuluka asilikali makumi asanu ndi limodzi. Oyamba anagwera m'maenje, achiwiri anaponda pamsana pa oyamba, achitatu anataya makungwa kuti athamange bwino, minga n'kuwapeza. Anabwerako khumi ndi asanu ndi anayi. Chimene anapindula chinali chulu chimodzi cha pakati pa munda. Nguluwe analamula kuti ng'oma zilire chifukwa cha chulucho. Patatha masiku atatu anungu anachilandanso, atataya anzawo makumi atatu.

Ovulala anatsala pakati pa ngalande ziwirizo. Wokawatenga panalibe, chifukwa wotuluka ankalasidwa. Anaitana madzi tsiku loyamba. Lachiwiri ankaitana amayi awo. Lachitatu kunabwera miimba. Mfuko podutsa m'kanjira kake ankawamva kudzera m'dothi. Anakumba kanjira kena kozama, kuti asamamve.

Mvula inagwa. Madzi anafika m'mawondo, ndipo mapazi a asilikali anayamba kuola. Nyimbo ija inkaimbidwabe, koma ovomera anasintha mawu. Tsopano ankayankha kuti mvula yagwa kale, akazi adzala okha.

Kenaka anali Nungu amene anatopa.

"Nduna, ana anga akuolera m'madzi. Ndipatse nzeru yowatulutsira anguluwe m'dzenje mwawo. Ukalephera ndidziwa kuti mtima wako uli kwawo kwa mkazi wako."

"Mvula ikadukiza," anatero Mfuko, "unjikani udzu ndi tsabola wouma, muyatse mphepo ikamapita kwawo. Utsi uwatulutsa."

Atatero anathamangira kwa Njiri. "Akulu, uzani asilikali anyowetse nsanza, akaona utsi atseke mphuno ndi maso."

Mumtima ankati utsi udutsa, anthu atsokomola pang'ono, basi. Koma utsi wa tsabola unali wolemera. Unatsikira m'ngalande n'kukhala momwemo. Ndipo moto uli pakati mphepo inatembenuka, utsi wotsalawo unabwerera kwa eni ake amene analibe nsanza n'komwe. Ena anabanika ali m'matope. Ambiri anatsala amoyo koma osaona. Mbali zonse ziwiri anawatumiza kwawo ali pamzere, aliyense atagwira mchira wa mnzake, wa diso limodzi ali patsogolo.

Njiri diso lake lamanzere linafa tsiku limenelo. Madzulo ake anam'peza Mfuko kumbuyo kwa ngalande, nakhala naye pansi.

"Pakanapanda inu, anduna, tikanatha tonse. Munadziwa bwanji?"

"Ndinamva fungo la tsabola. Mphuno yanga imamva patali."

Njiri anatulutsa kachimanga kokazinga kamene kanali chakudya chake cha tsiku lonse, nakagawa pawiri. "Tengani. Ndilibe china chokuthokozerani."

Mfuko m'mimba munali mutadzaza kale chakudya cha mafumu awiri. Analandira, natafuna, Njiri akumuyang'ana ndi diso lotsalalo. Chimangacho chinatsika ngati miyala.

Chaka chinatha. Kumidzi mbewu ija anadya, chifukwa ana ankalira njala. Munda umene ankalimbiranawo unalibenso ndi mtengo umodzi wa chinangwa. Mfuko anayamba kufuna kuti nkhondo ithe, koma ithe iye osadziwika. Anapita kwa Nguluwe.

"Mfumu, bwanji titumize mthenga? Mwina nawonso atopa."

"Ndikawauza chiyani amayi a amene afa? Kuti ana awo anafera chabe? Tipambane kaye."

Anapita kwa Nungu ndi mawu omwewo. Nungu anamuyankha chimodzimodzi, ngati anapangana.

Mvula yachiwiri itayamba, nyimbo ija inkamvekabe, koma mwini wake amene anaipeka anali atafa kalekale. Woyambitsa ankauzabe mkazi wake za mbewu. Ovomera anali ochepa moti mawu awo sankamveka bwino, ankangong'ung'udza.

Ulendo uno nzeru sinachokere kwa Mfuko. Nguluwe anaiganiza yekha.

"Pamtunda zakanika. Inu amfuko mumayenda pansi. Sonkhanitsa amfuko onse a m'dziko langa, akumbe njira yaikulu mpaka kunsi kwa ngalande ya adani, asilikali anga aziwatsata pambuyo. Mlamu wako Gwaza awatsogolere."

Gwaza anali mlongo wake wa Nachisale, mlimi amene sanamenyepo munthu chibadwire.

Mfuko anathamangira kutsidya, akuganiza zoti akanene. Anapeza Nungu atasonkhanitsa kale amfuko a kumeneko, makasu ali m'manja, Dzoole ali patsogolo.

"Wafika bwino, nduna," anatero Nungu. "Taganiza zodzera pansi. Uwalongosolere njira."

Mpaka tsiku limenelo amfuko ankangokumba ngalande ndi kutunga madzi, ndipo ochepa okha ndiwo anafa. Tsopano mafumu onse awiri analamula mofanana: chilichonse chimene mukumane nacho pansipo, yambani ndinu kumenya.

Mfuko sanataye mtima. Anati nzeru ilipobe. Anauza Gwaza kuti adzere kumpoto kwa chulu chija, nauza Dzoole kuti adzere kummwera, aliyense njira yokhota yoti ikatulukire kutchire kopanda munthu. Akanaphonyana, mafumu akanakalipa, koma palibe akanafa.

"Malume, mwatsimikiza kuti ndi kumeneku?" anafunsa Dzoole.

"Ndinakunamizapo liti iwe?"

"Simunatero, malume."

Anakumba masiku asanu ndi limodzi. Koma Gwaza anakumana ndi thanthwe, nakhotera kummwera kuti alizungulire. Dzoole anakumana ndi madzi, nakhotera kumpoto kuti awathawe. Tsiku lachisanu ndi chiwiri Mfuko akudutsa m'kanjira kake anamva makasu kudzanja lamanja. Anaima. Anamvanso makasu kudzanja lamanzere. Pakati pawo panatsala dothi losakwana mikono iwiri.

Akanakuwa, onse akanamumva. Mawu ake Gwaza ankawadziwa, Dzoole ankawadziwa. Kungoti, Dzoole leka, amenewo ndi alamu anga, makasu akanaima. Koma kumbuyo kwa Gwaza kunali asilikali a Nguluwe, kumbuyo kwa Dzoole asilikali a Nungu, ndipo onsewo akanamva kuti nduna yawo ikudziwa za njira zonse ziwiri. Mfuko anatsegula pakamwa. Anayamba kufunafuna mawu oti aimitse makasu koma iye osagwidwa. Anapeza ena, nawakana. Anapeza enanso. Akusankhabe, khasu linaboola.

Mumdimamo palibe anafunsa mnzake dzina. Makasu anagwera pamitu. Asilikali a kumbuyo anakankha kuti afike kutsogolo, amfuko n'kupanikizika pakati. Dothi linali litakhuta mvula, ndipo silinapirire. Denga linagwa, madzi a m'ngalande zonse ziwiri anathamangira m'njiramo.

Apo ndi pamene Mfuko anakuwa, koma womumva panalibe. Anakumba ngati wamisala. Woyamba kum'peza anali Gwaza, atafa kale, bala la khasu lili pamphumi. Pafupi naye panali Dzoole, dothi litam'kwirira mpaka m'chifuwa, akupuma movutika. Mfuko anam'fukula, nam'koka, natulukira naye pamtunda pakati penipeni pa ngalande ziwirizo.

Dzoole anatsegula maso. "Malume. Ndinadziwa kuti mubwera."

"Usalankhule."

"Amene ndam'menya uja analira ngati mfuko. Anali ndani?"

Mfuko anayang'ana kumbali. "Inali nguluwe."

"Chabwino," anatero Dzoole. Sanalankhulenso.

Pansi patagumuka, zipupa za ngalande zonse ziwiri zinagumuka nazo. Asilikali anakwera pamtunda kuthawa matope, nangoima poyera, maso ndi maso, koyamba pa zaka ziwiri. Anali owonda, aubweya wothothoka, ena osatha kuima bwino. Palibe anaponya munga, palibe anathamangira mnzake. Njiri anaona mwendo ukutuluka m'dothi, anagwada, nayamba kufukula. Nungu wina anadzagwada pambali pake. Ena anatsatira. Mafumu anakuwa kumbuyo kuti menyani, koma palibe anacheuka. Nkhondo inathera pamenepo.

Akufukula choncho, msilikali wa Nungu anaona Mfuko atakhala pambali pa mtembo. "Pepani, anduna athu," anatero.

Nguluwe wina anadzutsa mutu. "Anduna anu? Amenewa ndi anduna athu."

Onse anasiya kukumba. Njiri anatembenuza diso lake limodzi lija.

Lilime la Mfuko linayamba lokha, mwini wake asanalitume. "Ndi zoona. Ndinali uku, ndinali uko. Ndinaona kuti mukufuna kuthana, ndiye ndinkachenjeza aliyense kuti patsale anthu. Ngalande zimene zakusungani ndinakupatsani ndine. Za utsi ndinachenjeza ndine. Ngati ndinalakwa, ndipheni."

Asilikali anayang'anizana. Wina anati n'zoona, pakanapanda ngalande tikanatha mwezi woyamba. Wina anati kanyama kakang'ono aka kanali ndi mtima kuposa mafumu. Anayamba kum'gwira chanza mmodzimmodzi, anguluwe ndi anungu omwe. Bodza limeneli linagwira kuposa onse amene ananenapo. Mfuko anapereka dzanja kwa aliyense, maso ali pamapazi a Dzoole.

Maliro a Dzoole anachitikira kwa Nangondo. Anabwera a mbali zonse, ndi mafumu awiri omwe, atakhala motalikirana. Nachisale nayenso anabwera, atangochoka kolira mlongo wake Gwaza, nakhala pamphasa imodzi ndi Nangondo ndi mkazi wa malemuyo. Mfuko, monga mwini mbumba, anaimirira kuti afotokoze mmene imfa inayendera. Anayamba bwino. Ananena za thanthwe, za madzi, za dothi lokhuta mvula.

Nangondo anadzutsa dzanja. Sanali kulira.

"Achimwene, zimenezo tamva kale. Inu mumadziwa za pansi kuposa tonse pano. Ndiuzeni chinthu chimodzi chokha, ine ndikhale chete. Chinangwa chimene mwana wanga wafera, anadya ndani?"

Mfuko anali ndi mayankho atatu okonzeka. Akanati mbewa, akanati chiswe, akanati matenda a m'nthaka. Onse akanam'khulupirira. Anayang'ana mlongo wake, anayang'ana ana awiri a Dzoole atatsamira amayi awo, ndipo mayankho atatu aja anakana kutuluka.

"Ndine," anatero.

Anthu a kumbuyo sanamve. Njiri anati, "Kwezani mawu, anduna."

"Ndinadya ndine. Mbali zonse ziwiri. Munga uja ndinagwetsa ndine, unali wotokosera m'mano. Maenje a zisonga ndine. Tsabola ndine. Ndipo pansi paja ndinalipo. Ndinamva makasu uku ndi uku asanakumane. Ndikanakuwa. Ndinkaopa kugwidwa."

Kenaka anatembenukira kwa mkazi wake. "Gwaza anafa ndi khasu la Dzoole. Dzoole anandifunsa, ine ndinam'namiza."

Nachisale anafunda chitenje kumutu.

Nguluwe anaimirira. "Aphedwe lero lomwe." Nungu anagwedeza mutu kuvomereza, ndipo aka kanali koyamba kuti awiriwo agwirizane.

Njiri sanadzuke pamene anakhala. "Mum'phe ndinu, mfumu. Ine sindipha wina. Tsiku lija ndinati tikumbe tione una. Nditaona munga, nane ndinakhala chete, chifukwa nkhondo ndiyo ntchito yanga, ndipo ndinaikondwerera. Uyu ananama, inde. Koma si iye amene anaima kumbuyo kwathu n'kumati wobwerera aphedwe. Si iye amene anakana kutumiza mthenga. Zaka ziwiri takhala m'dzenje, palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa kuti nungu angadye bwanji chinangwa mtengo n'kuusiya uli chiimire."

Nguluwe anayang'ana alonda ake. Alondawo ankayang'ana pansi. Nguluwe anakhalanso pampando pang'onopang'ono, ndipo Nungu anayamba kukonzakonza minga yake ngati ili ndi kanthu.

Nangondo ndiye analankhula. "Manda a mwana wanga sanakumbidwe. Adzukulu a mudzi uno onse atsala m'matope muja. Ndikudziwa kuti wachibale sakumba manda a m'bale wake, koma awa amadziwa kukumba. Akumbe. Akatha, apite kumunda kuja. Kuli ana a eni ake amene akhala pamtunda zaka ziwiri. Aliyense akhale ndi manda akeake."

Palibe anatsutsa.

Mfuko anakumba manda a Dzoole, anthu akumuyang'ana. Kenaka anapita kumunda. Anafukula amene anakwiririka, anatola mafupa a amene anadyedwa ndi miimba, anatsika m'maenje a zisonga aja n'kutulutsamo amene anali m'menemo. Abale ankabwera kudzazindikira awo, wina ndi dzino lothyoka, wina ndi mkanda wa m'khosi. Sankam'patsa moni. Ankangoloza ndi chala, iye n'kukumba pamenepo. Mayi wina wa nguluwe anam'lavulira. Mfuko sanapukute, ndipo tsiku limenelo anakumba mopepukidwa kuposa masiku ena. Amene analibe wowazindikira anawaika pamzere umodzi, nungu pambali pa nguluwe, poti mafupa ena sankadziwikanso kuti ndi a yani.

Atapita kwa mkazi wake kamodzi, anapeza mphasa yake ndi thumba lake zili panja, chitseko chili chotseka. Anatenga, nabwerera kumunda osagogoda.

Ntchitoyo inam'tengera miyezi isanu. Manda anakwana mazana awiri ndi makumi anayi ndi atatu. Tsiku lomaliza, dzuwa lili pamutu, anaunjika mtumbira wotsiriza, nakhala pansi, manja ali magazi okhaokha. Anamva mapazi kumbuyo. Anali Nangondo, atakalamba ngati papita zaka khumi, atanyamula chikho cha madzi.

Anachiika pansi pafupi naye.

"Imwani, achimwene."

Mfuko anali atakonzekera kutukwanidwa. Anali atakonzekera kugendedwa. Koma kuti mayi wa Dzoole am'tchulebe achimwene, n'kum'tungira madzi, zimenezo sanazikonzekere. Anayesa kudzutsa maso, anafika nawo pamapazi a mlongo wake, osapitirira.

"Mlongo wanga, ndi bwino mukananditemberera."

"Ndinayesa," anatero Nangondo. "Koma tinayamwa bere limodzi. Ana a Dzoole akufunsa za agogo awo. Sindinawauze kalikonse. Mukafuna kubwera, mudzawauze nokha."

Anatembenuka, nayamba ulendo wa kumudzi. Mfuko anamwa madziwo. Anatsuka chikho ndi otsalawo, nachivundikira pamwala poti mwini wake adzachione. Anaimirira, nayenda mapazi angapo kulowera kumudzi. Anaganiza za ana awiri aja akuthamangira kudzam'chingamira, ndi mawu amene akanayamba nawo. Moyo wake wonse mawu sanam'sowepo. Tsiku limenelo anawafuna, osawapeza.

Anagwada, nakumba pomwe anaimapo, nalowa, natseka khomo ndi dothi.

Ndiye chifukwa chake mpaka lero mfuko nkhope yake saonetsa. Amakumba kulowera kumidzi, amafika mpaka m'mphepete mwa bwalo, amakankha dothi pang'ono ngati akufuna kutuluka. Akangomva mapazi a mwana, amabwerera.

Amene anandiuza nthanoyi analekera pamenepa, nane ndalekera pomwepo.